Nyanja inadzaza chaka cha chilala: mmene ziwerengero zimayankhira mafunso a malo athu

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2024 ndinapita kudoko lina kufupi ndi boma la Mangochi kumene ndimakonda kugula usipa. Pamene panali mathandala oyanikapo nsomba ndinapeza madzi okhaokha. Migwalangwa inali itaima m'nyanja, ndipo pakhoma la nyumba ina ya njerwa zootcha panali mzere wobiriwira wa ndere, wosonyeza pamene mafunde ankamenya usiku. Komatu pobwera ndinali nditadutsa minda imene chimanga chake chinapserera chisanabereke. Mwezi wa Malichi chaka chomwecho, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anali atalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha chilala cha El Niño.

Bambo wina wachikulire amene ankasoka matchera pansi pa mtengo anandizindikira. "Aphunzitsi, inu mumaphunzitsa ana athu za nyanjayi. Tandiuzani, mvula yatikana chonchi, nanga madziwa akuchokera kuti?" Ndisanatsegule pakamwa, mnyamata amene ankawagwirira ukonde anayankha: "Atseka ku Liwonde, agogo. Palibenso china."

Kucheza kwa pansi pa mtengo kuja sindikuiwala, chifukwa m'menemo muli zonse zimene ndimavutika kufotokozera ana m'kalasi. Ambirife jogalafe tinaidziwa ngati phunziro loloweza: Sapitwa ndiye nsonga yaitali ya phiri la Mulanje, Shire amathira mu Zambezi, basi. Ndipo kale ntchito yake yaikulu inalidi yoti munthu ayende, aone, alembe. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, akatswiri a ku America, Britain ndi Sweden anayamba kulimbikira kuti kufotokoza kokha sikukwana. Funso lisathere pa "kumeneko kuli chiyani", lifike pa "bwanji chili pamenepo osati pena, ndipo tadziwa bwanji".

Njira ya sayansi si ya mu labotale mokha. Imayamba munthu akaona chinthu chozunguza mutu, monga nyanja yodzaza chaka cha njala. Kenako amapereka yankho loyerekeza, limene m'mabuku amalitcha hypothesis. Mnyamata uja anapereka lake, ndipo ine ndimamuyamikira, chifukwa yankho lakelo ndi la mtundu wabwino: n'lotheka kuliyesa, n'lotheka kuligwira bodza. Ku Liwonde kulidi Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965, ndipo zitseko zake zimachepetsa kapena kuchulukitsa madzi odutsa mu Shire. Chimene chimasiyanitsa wofufuza ndi wokamba nkhani pa bawo n'chimodzi: wofufuza amadzifunsa kuti, ganizo langali likanakhala lolakwika, ndikanaona chiyani? Akatero amanyamuka kukafunafuna chimenecho, osangotola zomuvomereza.

Tiyeni tiliyese ndi masamu a sitandade 8. Nyanja ya Malawi kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 29,600. Kuti nyanja yonseyo ikwere kapena kutsika sentimita imodzi yokha, yosafika n'kunenepa kwa chala komwe, pafunika madzi okwana makiyubiki mita pafupifupi 296 miliyoni. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, migolo isanu ija ya malita 200. Tsono tiyerekeze kuti a ku Liwonde atsegula zitseko n'kuwonjezera makiyubiki mita 100 pa sekondi iliyonse pamwamba pa madzi amene amadutsa kale. Imeneyo ndi migolo 500 pa sekondi, madzi a nkhaninkhani. Pa tsiku akukwana makiyubiki mita 8.64 miliyoni. Gawani nokha: patenga masiku 34 kuti nyanja itsike sentimita imodzi. Kuti itsike mita yathunthu, zaka zoposa 9.

Ndiye baraji ilibe mlandu? Pang'ono ili nawo. Madzi osungidwa chaka ndi chaka amaunjikana, ndipo pakapita zaka amaoneka. Koma nyanjayi chaka chilichonse imakwera pafupifupi mita imodzi pakati pa Disembala ndi Meyi, n'kutsikanso m'chilimwe, ndipo zitseko za ku Liwonde sizingachite zimenezo m'miyezi isanu. Kutsegula kwambiri nakonso kuli ndi mtengo wake, poti kumunsi kuli makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komanso midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje imene madzi osefukira anaizunza kale. Ganizo la mnyamata uja silinafe, koma lachepa msinkhu. Kafukufuku wambiri amatha chonchi.

Kuti tipeze kumene madzi anachokera, timalemba nyanja ngati kabuku ka banki m'khonde: zolowa mbali iyi, zotuluka mbali iyo. Zolowa ndi mvula yogwa panyanja penipeni ndi mitsinje, monga Ruhuhu wa ku Tanzania amene ndi wamkulu pa yonse, Songwe, North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe. Zotuluka ndi ziwiri zokha: Shire ndi nthunzi. Ambiri amadabwa akamva kuti Shire ndiye wamng'ono pa ziwirizi, pakuti pafupifupi magawo anayi mwa asanu a madzi ochoka m'nyanjayi amapita ndi dzuwa ndi mphepo. Tsono El Niño, pamene amaumitsa kum'mwera kwa Africa, kum'mawa kwa Africa amakonda kubweretsa mvula yambiri, ndipo Tanzania inavumbwa kwambiri nyengo imeneyo. Nyanja yathu kutalika kwake n'koposa makilomita 550. Ife a ku Mangochi tili kumchira. Madzi ambiri amene anamiza mathandala aja anagwa kumene ife sitinaone ngakhale mtambo wake, ndipo anapeza nyanja ili yokhuta kale ndi mvula ya zaka za m'mbuyo.

Apa m'pamene jogalafe imasiyana ndi masamu wamba. Nambala iliyonse ili ndi kwawo. Munthu amene wayeza mvula pakhomo pake n'kuweruza za nyanja yonse sanalakwitse kuyeza, walakwitsa kukula kwa dera limene funso lake likukhudza.

Nambala ilinso ndi nthawi yake. Mlingo wa nyanjayi unayamba kulembedwa cha m'ma 1896, ndipo mukaona mndandanda wonsewo, za 2024 sizikhalanso zachilendo kwenikweni. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika mpaka mtsinje wa Shire unasiya kutuluka, pompano pa Mangochi. Cha m'ma 1980 inakwera kupitirira pang'ono mamita 477 pamwamba pa mlingo wa nyanja zamchere. Mu 2016 ndi 2017 inatsikira cha ku mamita 473, zaka zija magetsi ankazima tsiku lonse. Mu 2024 inadutsa mamita 476. Munthu amene anafika kunyanja mu 2016 anaona mchenga wotambalala, n'kuganiza kuti malire a madzi ndi amenewo, n'kukumba maziko. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chake a zanyengo amafuna zaka 30 asananene kuti nyengo ya malo akuti ndi yotere. Ndi zaka zitatu zokha mukhoza kuonetsa kuti nyanja ikuuma, ndi zina zitatu kuti ikumeza dziko.

Avereji ndiye chida chimene aliyense amachidziwa, ndipo ndi chimene chimapusitsa anthu kwambiri. Avereji ya mlingo wa nyanja ili cha m'ma mamita 474, koma nyumba simizidwa ndi avereji. Womanga afunika kudziwa kuti madzi amathawa avereji kufika pati, n'chifukwa chake ofufuza amayezanso kumwazikana kwa manambala, kumene amakutcha standard deviation. Mukamva kuti kusefukira kwakuti kumachitika "kamodzi pa zaka 50", sakutanthauza kuti kukachitika lero mupuma zaka 49. Akutanthauza kuti chaka chilichonse pali mwayi wa magawo 2 mwa 100. Ndipo panyanja yaikulu ngati yathuyi chaka chodzaza chimakonda kutsatana ndi chinzake, poti madzi a chaka chatha amakhala asanachoke.

Pa nkhani ya ndalama avereji imanama moonekeratu. Tiyerekeze padoko pali anthu 10: alovi 9, asodzi ogwira ntchito m'boti la wina, amene aliyense wapeza K5,000 pa tsiku, ndi mwini boti amene wapeza K155,000. Avereji ikutuluka K20,000, ndalama imene palibe ndi mmodzi yemwe waigwira. Mukawandandalika kuyambira wopeza zochepa n'kuyang'ana amene ali pakati pa mzere, mupeza K5,000. Nambala yapakatikatiyi, median, ndi imene ikunena zoona za doko limenelo.

Chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi kasankhidwe ka oti awerengedwe, chifukwa kafukufuku wambiri amafera pamenepa. Zinthu zina timaziwerenga zonse. A National Statistical Office a ku Zomba amachita kalembera pafupifupi zaka 10 zilizonse, ndipo wa 2018 anapeza anthu 1,148,611 m'boma la Mangochi, pamene mu 2008 anali pafupifupi 800,000. Koma nsomba za m'nyanja, mitengo ya ku Namizimu, mabanja onse amene amamwa madzi a pamjigo, zimenezi sitingaziwerenge chaka chilichonse. Timatapako pang'ono, sampulo, kuti iyimire zonse. Mayi wogula chimanga pamsika amaidziwa bwino nzeruyi. Sayang'ana cha pamwamba pa thumba chokha, amalowetsa mkono mpaka pansi, chifukwa anankafumbwe sakhala poonekera.

A dipatimenti ya za nsomba, imene ili ndi malo ofufuzira ku Monkey Bay, amachita chimodzimodzi. Amawerenga maboti, mabwato ndi maukonde m'madoko, kenako amasankha madoko ena ndi masiku ena n'kuyeza nsomba zimene zafika, ndiye n'kuchulukitsa. Taonani misampha imene ili m'njira. Mukayeza usipa masiku a mwezi wowala, pamene nyali za chilimira sizikoka nsomba, munena kuti usipa watha. Mukayeza sabata ya mwera, maboti atakhala pamtunda, chimodzimodzi. Mukamangopita kumadoko ofikika pa galimoto n'kusiya a kutsidya cha ku Makanjira, mwalemba za msewu wa tala osati za nyanja.

Ine ndinagwamo mumsampha umenewu, ndipo unandiphunzitsa kuposa buku. Ndinatuma ana a fomu 3 kukafunsa mabanja kuti amayenda mtunda wautali bwanji kukatunga madzi. Anabwera ndi mapepala odzaza bwino, ndipo zotsatira zinati pafupifupi aliyense ali pafupi ndi mjigo. Mtsikana wina anakweza dzanja: "Aphunzitsi, kwathu amayi amadzuka m'bandakucha, amabwera dzuwa litakwera. Kwathuko sikunapite munthu." Anawo anali atafunsa nyumba za m'mbali mwa msewu, kumene kunali kosavuta kufika, ndipo mijigo nayo imakonda kukumbidwa kumene galimoto yokumba imafika. Kulakwa kunali kwanga, poti sindinawauze kasankhidwe. Ulendo wachiwiri tinapempha mndandanda wa mabanja kwa a nyakwawa, tinalemba manambala pa timapepala, n'kuchita maere mulichero. Nyumba imene yagwera maere, kaya ili kuseri kwa phiri, kumeneko n'kumene tinkapita.

Maere amachotsa dzanja la wofufuza pa kusankha. Dera likakhala losiyanasiyana ngati lathuli, mumayamba mwaligawa, a m'mphepete mwa nyanja paokha, a kumtunda kwa Namwera ndi Katuli paokha, n'kuchita maere m'gawo lililonse. Za kuchuluka kwa ofunsidwa, masamu ake ndi odziwika. Mukasankha mwa maere anthu 100, yankho lanu likhoza kuphonya ndi magawo pafupifupi 10 mwa 100 mbali iyi kapena iyo. Anthu 400, magawo 5. Anthu 1,600, magawo awiri ndi theka. Kuti kuphonyako kuchepe ndi theka, ntchito ichuluke kanayi. Koma kuchuluka sikuchiza kukondera. Ana anga aja akanafunsa nyumba 1,000 za m'mbali mwa msewu, bodza likanangokula.

Pali vuto linanso la jogalafe yokha. Mu 1970 Waldo Tobler ananena mfundo imene ambiri amaitcha lamulo loyamba la jogalafe, yakuti zinthu zonse n'zolumikizana koma zoyandikana zimafanana kuposa zotalikirana. Nyumba 50 za m'mudzi umodzi zimamwa mjigo umodzi, zimalima dothi limodzi, mvula yake ndi imodzi. Si mboni 50 zosiyana, zili ngati mboni imodzi yobwereza mawu. Masamu ambiri a ziwerengero amaganiza kuti mboni iliyonse yaima payokha, choncho wofufuza amene saganizira za kuyandikanaku amadzikhulupirira mopitirira muyezo. Mbali ina ya lamulo lomweli ndi yakuti choyezera mvula cha paboma, pamalo otentha a m'chigwa, sichingalankhulire Namwera kumene kuli kokwera, kozizira, kwa mvula yambiri.

Nyanja ya Malombe inatiphunzitsa mowawa kuti kuwerenga chinthu cholakwika n'koopsa ngati kusawerenga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 chambo chogwidwa kumeneko chinkafika matani pafupifupi 8,000 pa chaka. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali matani mazana ochepa chabe. Pa zaka zimenezo maukonde a nkacha anachuluka ndipo kambuzi ankabwera wambiri, moti woona mulu wa nsomba zonse pamodzi akanati zinthu zili bwino. Nambala yoyenera ndi ya nsomba za mtundu uliwonse pa kukoka kumodzi kwa ukonde. Maukonde akawirikiza kawiri koma nsomba n'kukhala zomwezo, ndiye kuti nyanja yayamba kutopa ngakhale msika uli wodzaza. Kafukufuku wa chambo amene boma linachita ndi bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO kuyambira 1988 mpaka 1992 anaonetsa kugwaku poyera, ndipo mu 1993 ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kunayamba makomiti a m'madoko, ma BVC aja. Chambo chinali chitapita kale.

Pafuka utsi pali moto, n'zoona, koma wofufuza afunsenso kuti moto wake ndi uti. Zinthu ziwiri zikamakwera limodzi sizitanthauza kuti china chikukankha chinzake. Ku Chembe, ku Cape Maclear, likodzo linachuluka pa zaka zimene nsomba zodya nkhono zinkachepa m'madzi osaya. Jay Stauffer wa ku yunivesite ya Penn State ndi anzake anaganiza kuti kupha nsomba mopitirira kwapatsa nkhono, zimene zimafalitsa likodzo, mpata woswana. Ganizolo ndi lomveka, koma pa zaka zomwezo anthu nawonso ankachuluka, osamba ndi ochapa m'nyanja ankachuluka. Choncho sanaime pa kungoona. Anawerenga nkhono, anawerenga nsomba, n'kuyerekeza malo osiyanasiyana a m'mphepete mwa nyanja pamodzi ndi kuchuluka kwa odwala. Pomaliza pake ofufuza amafunsanso masamu kuti, pakanakhala palibe mgwirizano uliwonse, zotere zikanangochitika mwangozi kangati? Mwambo wa ambiri ndi wakuti zikakhala zosafika kasanu mwa 100, nkhaniyo ndi yoyenera kuitenga mozama. Umenewo ndi mwambo wogwirizana chabe, si chidindo cha choonadi.

Mapu nawo amatha kubisa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Koma Mangochi ndi limodzinso mwa maboma a anthu ambiri, choncho poyerekeza ndi maboma ena tiyenera kuwerenga odwala pa anthu 100,000 aliwonse, osati mulu wonse. Ndipo mapu opaka boma lonse utoto wofiira sathandiza wa zaumoyo kudziwa kumene apite ndi klorini mawa. Mukajambula manambala omwewo potsata madera a mafumu, chithunzi chimasintha. Mukatsata midzi, chimasinthanso. Mu 1854 dokotala John Snow wa ku London anaika chizindikiro pa mapu pa nyumba iliyonse imene munafa munthu ndi kolera, ndipo zizindikirozo zinaunjikana mozungulira pampu imodzi ya madzi mu Broad Street. Akanalemba za mzinda wonse pamodzi, pampuyo sikanaoneka.

Masiku ano zida zafika m'manja mwathu. Zithunzi za setilaiti ya Landsat zinayamba mu 1972 ndipo kuyambira 2008 n'zaulere pa intaneti, pulogalamu ya QGIS yojambulira mapu ndi yaulere, foni zambiri zili ndi GPS. Mwana wa ku Malindi akhoza kuona mmene gombe la kwawo lasunthira pa zaka 40. Koma kadontho kamodzi pa chithunzi cha Landsat ndi malo a mamita 30 mbali zonse, mitambo ya dzinja imaphimba nthawi imene tikufuna kuona kwambiri, ndipo kompyuta imatha kusokoneza munda ndi tchire. Wina ayenera kukaponda pansi n'kutsimikiza.

Tsiku lija padoko ndinawafotokozera bambo aja za Ruhuhu ndi mvula ya ku Tanzania, ndikujambula nyanja pamchenga ndi kamtengo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako analoza ndi singano yawo yosokera ukonde kumtunda, kupitirira nyumba yonyowa ija, pamene pali mlambe. "Chaka chimene ndinakwatira, aphunzitsi, bwato tinkamangirira apo." Ndinawafunsa kuti chinali chaka chanji. Anawerenga ndi zala kuchokera pa zaka za mwana wawo woyamba, ndipo tinafika cha m'ma 1980. Ndinayenda mpaka pamlambepo, ndinayatsa GPS ya pafoni, n'kulemba malowo m'kope pamodzi ndi tsiku ndi mawu awo. Lolemba lotsatira ndinabwerera ndi ana asanu ndi tepi yoyezera, tinayeza mtunda kuchokera pamlambe kufika pamene madzi anathera, ndipo tinagwirizana ndi bambowo kuti tizibwera kudzayezanso sabata yoyamba ya mwezi uliwonse.